Situdiyo ya M'chipinda Chogona: Fizikisi ya Kujambula Demo ndi Ndalama Zochepa

Nyengo ya malonda a fodya ikafika, kandalama kamayamba kuoneka m'matumba mwa achinyamata kuno kwa Lukwa. Wina wagwira ganyu yosoka fodya, wina yosankha, wina wathandiza kudinda mabelo opita ku Chinkhoma. Kwa amene ali ndi gulu loimba, funso limakhala limodzi: kodi tisonkhe ndalamayi tipite ku situdiyo ku Lilongwe, kapena tijambule tokha pakhomo? Ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita oposa 100. Mukawerengera thiransipoti ya anthu anayi ndi zida zawo, chakudya ndi malipiro a situdiyo, thukuta la miyezi itatu litha kuthera pa nyimbo imodzi.

Nchifukwa chake magulu ambiri amayamba ndi demo. Demo ndi nyimbo yojambulidwa mongoyesa, yoti mukamvetsere nokha, mukapatse wa pa wayilesi, kapena mukaonetse munthu amene angakuthandizeni kujambula chimbale chenicheni. Vuto ndi loti demo zambiri zojambulidwa pakhomo zimamveka ngati gulu likuimbira m'chitsime: ng'oma zaphimba mawu a woimba, besi ikungoti "buu buu", ndipo pansi pake pali kaphokoso kong'ung'udza kosatha. Ambiri amati vuto ndi zida zotchipa. Nthawi zambiri si choncho ayi. Vuto ndi Fizikisi, ndipo ndi Fizikisi yomweyi imene mukuphunzira mu Fomu 3 ndi Fomu 4.

M'phunziro lino tiyerekeza gulu la rock la anthu anayi: wa ng'oma, wa gitala ya besi, wa gitala yamagetsi ndi woimba. Ali ndi mafoni awiri, laputopu yobwereka, maikolofoni imodzi, batire ya sola ndi chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.5 kupita m'mwamba.

Ena anachitapo kale

Musaganize kuti kujambula popanda situdiyo ndi zinthu zosowa pogwira. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland kujambula nyimbo za makolo athu panja, atagwira maikolofoni pamanja, akumayisendeza kwa amene akufuna kuti amveke kwambiri. Mu 1982, woimba rock wa ku America, Bruce Springsteen, anajambula nyimbo m'chipinda cha kunyumba kwake ku New Jersey pa makina a kaseti a mizere inayi. Cholinga chake chinali demo chabe, koma nyimbozo zinatuluka momwemo ngati chimbale chotchedwa Nebraska. Kuno kwathu, Ian Brennan anajambula a Malawi Mouse Boys panja ndi zida zonyamula pamanja, chimbale chawo He Is #1 nkutuluka mu 2012. Mu 2013 anajambulanso oimba a m'ndende ya Zomba, ndipo chimbalecho chinalowa m'gulu lopikisana pa mphoto ya Grammy ya 2016. Onsewa analibe chipinda chapamwamba. Chimene ankadziwa ndi khalidwe la mawu komanso poika maikolofoni.

Mawu ndi mafunde

Mukakhudza nsambo ya gitala, imanjenjemera nkumakankha mpweya umene uli pafupi. Mpweyawo umapanikizika kenako kumasuka, kupanikizika kenako kumasuka, ndipo kusinthaku kumayenda ngati funde mpaka kukafika pa khutu kapena pa maikolofoni. Mpweya weniweniwo suchoka pa gitala kudzafika kwa inu, umangogwedezeka pamalo pomwepo motsatira kumene fundelo likulowera. Awa ndiwo ma longitudinal wave.

Kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi imodzi ndi frequency, ndipo timayeza mu hertz, mwachidule Hz. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira pafupifupi 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi imalira pafupifupi 41 Hz, yaikulu ya gitala wamba 82 Hz. Liwiro la mawu mumpweya ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Limakwera pang'ono kukatentha: m'mawa wa mu June pa 15°C ndi 340, masana a mu October pa 30°C limafika pafupifupi 349.

Kumbukirani lamulo lija: v = fλ. Ndiye kutalika kwa funde limodzi, wavelength, ndi λ = v ÷ f.

Besi ya 41 Hz: λ = 340 ÷ 41, pafupifupi mamita 8.3.
Mawu osongoka a 3,400 Hz: λ = 340 ÷ 3,400 = mamita 0.1, kapena kuti masentimita 10.

Taonani kusiyanako. Funde limodzi la besi ndi lalitali kuwirikiza kawiri chipinda chathu chija, pamene funde la mawu osongoka ndi lalifupi kuposa cholembera. Sungani manambala awiriwa, chifukwa ndi amene afotokoze mavuto ambiri a m'munsimu.

Chipinda nachonso chimaimba

Mawu akagunda khoma la pulasitala, pansi pa simenti kapena malata, ambiri amabwerera. Kuti khutu limve kubwererako padera ngati echo, pamafunika kuti papite pafupifupi sekondi 0.1. Pa nthawi imeneyi mawu amayenda mamita 34, kupita ndi kubwera, ndiye kuti khomalo liyenera kukhala pa mamita 17. M'chipinda cha mamita 4 simungamve echo. M'malo mwake mawu amanjanja kuchoka khoma ili kupita khoma ilo kambirimbiri nkusakanikirana, kukhala mchira wa phokoso umene timati reverberation. Ndi mchira umenewu umene umachititsa demo kumveka ngati ya m'chitsime.

Munthu amene anayamba kuyeza zimenezi anali mphunzitsi wa Fizikisi pa yunivesite ya Harvard, Wallace Sabine, kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Anapatsidwa ntchito yokonza holo imene anthu sankamva bwino zokamba za mphunzitsi. Usiku ankatuta makushoni a mipando kuchokera mu holo ina, kuwayala, nkumayeza ndi wotchi nthawi imene mawu akutenga kuti azilale. Anapeza lamulo ili:

T = 0.161 × V ÷ A

T ndi masekondi amene phokoso limatenga kuti litsike ndi ma decibel 60, V ndi kukula kwa chipinda mu m³, ndipo A ndi kuchuluka kwa zinthu zomeza mawu. Zenera lotsekula la 1 m² limawerengedwa ngati A = 1, poti mawu akatuluka sabweranso.

Tiyeni tiwerengere chipinda chathu. V = 4 × 3 × 2.5 = 30 m³. Makoma, pansi ndi kudenga zonse pamodzi ndi 59 m². Simenti ndi pulasitala zimameza pafupifupi magawo atatu okha pa 100 alionse a mphamvu ya mawu, ndiye A = 59 × 0.03, pafupifupi 1.8. Choncho T = 0.161 × 30 ÷ 1.8, pafupifupi masekondi 2.7. Pa nyimbo yothamanga ya rock, ng'oma imakhala italira kangapo phokoso la kulira koyamba lisanathe. Koma mukalowetsa zinthu zofewa mpaka A kufika 12, T imatsika kufika sekondi 0.4. Simunagule chida chilichonse, koma nyimbo yayera.

Zofewazo muli nazo kale: matiresi oimiritsa kukhoma, mabulangete olendewera pa chingwe, ziguduli zotsala podinda fodya, mkeka kapena kapeti pansi, mulu wa zovala. Zinthu zimenezi zili ndi timipata tambirimbiri. Mpweya ukamagwedezeka m'timipatamo umakhulana ndi ulusi, ndipo mphamvu ya mawu imasanduka kutentha pang'ono kwambiri. Mphamvu sitayika, imangosintha mtundu, monga lamulo la conservation of energy limanenera.

Nanga matileyi a mazira amene anthu amamata kukhoma? Ndi opyapyala kwambiri. Amakhudzako pang'ono mawu osongoka, koma besi sayimva nkomwe, saletsa phokoso kufika kwa aneba, ndipo amagwira moto msanga. Matiresi amodzi amaposa khoma lonse la matileyi.

Yesani izi: lowani m'kalasi mopanda anthu muombe m'manja kamodzi, mumvetsere mchira wake. Mukabwerezenso anzanu onse atakhala pansi. Matupi ndi zovala za anthu nazo zimameza mawu.

Chifukwa chake besi imavuta

Funde likagunda khoma nkubwerera, limakumana ndi linzake limene likubwera. Ngati mtunda wa pakati pa makoma awiri uli theka la wavelength, mafundewo amapanga stationary wave, monga zimachitikira m'paipi yotseka mbali zonse. Frequency yoyamba ndi f = v ÷ 2L.

Pa makoma otalikirana mamita 4: f = 340 ÷ 8 = 42.5 Hz. Zotsatira zake ndi 85 Hz, 127.5 Hz, kumapita choncho.

Mwaona tsoka lake? 42.5 Hz ili pafupi ndi 41 Hz ya nsambo yaikulu ya besi, ndipo 85 Hz ili pafupi ndi 82 Hz ya gitala. Woimba akafika pa manoti amenewa chipinda chimavomera, notiyo nkumveka mokweza kuposa anzake. Uku ndiye kuchita resonance. Pafupi ndi khoma komanso m'makona phokosoli limakhala lamphamvu zedi, pamene pakatikati pa chipinda 42.5 Hz ija imatsala pang'ono kuzimiririka. Choncho maikolofoni musaiike pakona, musaiikenso pakati penipeni. Uzani wa besi aziliza noti imodzi, inu muziyenda pang'onopang'ono m'chipindamo mpaka mutapeza pamene ikumveka bwino.

Bulangete silingathetse vutoli. Kuti chinthu chofewa chimeze bwino funde, chiyenera kukhala chochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a wavelength, kapena chitalikirane ndi khoma mtunda wotero. Pa 3,400 Hz ndi masentimita 2.5 basi. Pa 85 Hz ndi mita yathunthu. Ndiye unjikani zinthu zochindikala m'makona, monga matiresi opinda ndi mitolo ya zovala, ndipo lendewezani mabulangete motalikirako ndi khoma. Kutsekula chitseko ndi mazenera kumathandizanso poti besi ina imatuluka.

Njira ina ndi kuchokeratu m'nyumba. Chigafa chopanda fodya chilibe makoma, denga lake ndi la udzu, pansi ndi dothi: mawu alibe pobwerera. Mdani wanu kumeneko ndi mphepo, atambala, chigayo ndi njinga zamoto za kabaza. Sankhani nthawi ya bata, ndipo musayale mawaya a magetsi pafupi ndi udzu kapena fodya wouma. M'nyumba ya malata, musayese nkomwe kujambula mvula ikugwa.

Mtunda ndiye batani lanu la voliyumu

Mawu akamachoka pamene achokera amamwazikira mbali zonse. Mukawirikiza mtunda kawiri, mphamvu yomweyo imagawidwa pa malo aakulu kanayi, ndiye intensity imatsika kanayi. Mu ma decibel, uku ndi kutsika ndi 6 dB. Ili ndi inverse square law, ndipo limagwira bwino panja. M'chipinda kutsikako kumachepa chifukwa cha mawu obwerera.

Woimba akachoka pa masentimita 10 kupita pa 80, mtunda wawirikiza katatu: 20, 40, 80. Mawu ake atsika ndi 18 dB, kapena kuti mphamvu yachepa ka 64, pamene phokoso la chipinda ndi la ng'oma likadali chimodzimodzi. Apa ndi pamene mawu a nyimbo amasowera. Ngati muli ndi maikolofoni imodzi yokha, chitani zimene ankachita Hugh Tracey: wofooka mawu ayandikire, waphokoso atalikire. Woimba akhale pa masentimita 10 mpaka 15, ampulifaya ya gitala patali pang'ono, ng'oma kutali kwambiri.

Kuyandikira kuli ndi vuto limodzi. Zilembo monga p, ph ndi b zimatulutsa kamphepo kamene kamamenya maikolofoni nkumveka "bhu". Ikani dzanja patsogolo pa kamwa munene kuti "phiri", mukamva. Pindani waya mozungulira, kungani sokosi yopyapyala ya nayiloni, muike pakati pa kamwa ndi maikolofoni. Mawu amadutsa, kamphepo kamamwazika.

Samalaninso mukamagwiritsa ntchito zojambulira ziwiri pa chida chimodzi. Tinene kuti foni ina ili patali ndi theka la mita kuposa inzake. Funde la wavelength ya mita imodzi, lomwe ndi 340 Hz, lifika pa foni yachiwiri litachedwa ndi theka la funde. Mukaphatikiza zojambulazo, pamene lina lakwera linalo latsika, ndipo zimafafanizana. Iyi ndi destructive interference, ndipo gitala imamveka yopanda mnofu. Mankhwala ake ndi kusendeza mzere umodzi pa kompyuta mpaka mafunde atalingana, kapena kungogwiritsa ntchito chojambulira chimodzi.

Zimene zimachitika m'kati mwa maikolofoni

Maikolofoni ya pamanja imene mumaiona kutchalitchi kapena pa msonkhano nthawi zambiri imakhala ya mtundu wa dynamic. M'kati mwake muli kachikopa kopyapyala komatidwa ku koyilo ya waya, ndipo koyiloyo ili pakati pa maginito. Mawu akagwedeza kachikopako, koyilo imayenda m'mphamvu ya maginito, ndipo mumabadwa voteji yosinthasintha mofanana ndi funde la mawuwo. Iyi ndi electromagnetic induction imene Michael Faraday anatulukira mu 1831. Sipika ndi chinthu chomwecho chogwira ntchito chobwerera m'mbuyo. Nayo gitala yamagetsi imadalira lamulo lomweli: pansi pa nsambo zachitsulo pali maginito okulungidwa ndi waya, ndipo nsambo ikanjenjemera imasintha mphamvu ya maginito yodutsa mu koyiloyo.

Maikolofoni ya m'foni ndi yosiyana. Ndi capacitor yaing'ono kwambiri imene mbale yake imodzi imagwedezeka ndi mawu. Imamva bwino, koma anaipangira kulankhula, ndiye pafupi ndi ng'oma imakhuta msanga.

Kuchoka pa funde kupita pa manambala

Foni kapena laputopu imayeza voteji ija kambirimbiri pa sekondi nkusunga manambala. Lamulo ndi loti kuyezako kupose kuwirikiza kawiri frequency yapamwamba imene mukufuna kusunga. Poti khutu limalekeza pa 20,000 Hz, pamafunika kuposa 40,000, nchifukwa chake ma CD amagwiritsa ntchito 44,100 pa sekondi. Muyezo uliwonse ukasungidwa mu ma bit 16, pali masitepe 65,536.

Kukula kwa fayilo: 44,100 × 16 × 2, pa mbali ya kumanzere ndi kumanja, ndi ma bit 1,411,200 pa sekondi. Kugawa ndi 8 ndi ma byte 176,400, ndipo pa mphindi imodzi ndi pafupifupi 10.6 MB. Nyimbo ya mphindi zinayi idya 42 MB, choncho yambani mwaona malo otsala m'foni. Jambulani mu WAV, ndipo potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa voice note imafinya mawu nkutaya zambiri.

Masitepe aja ali ndi polekezera. Funde likakula kuposa sitepe yomaliza, nsonga zake zimadulidwa nkukhala zafulati. Uku ndi clipping, ndipo kumabweretsa ma frequency atsopano okanda m'khutu. Zikajambulidwa choncho palibe pulogalamu imene ingabwezeretse bwinobwino zimene zadulidwa. Musanayambe, uzani gulu liimbe chigawo chaphokoso kwambiri, mutsitse gain mpaka mita izilekeza pakati pa −12 ndi −6 dB, osafika pofiira.

Chosangalatsa ndi choti oimba rock amadula funde mwadala. Kulira kokakala kwa gitala kumene kumatchedwa fuzz ndi clipping yochitikira mu ampulifaya kapena mu kabokosi kopondera. Magulu a Zamrock a ku Zambia a m'zaka za m'ma 1970, monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene nyimbo zake zina ankaimba m'Chinyanja, anatchuka ndi kulira kumeneku. Kusiyana kwake nkwakuti fuzz imadula gitala yokha, pamene clipping ya pa chojambulira imadula gulu lonse pamodzi ndi mawu a woimba.

Kaphokoso kong'ung'udza

Magetsi a ESCOM ndi a 230 V ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Waya aliyense wonyamula magetsiwa amazunguliridwa ndi mphamvu ya maginito yosinthanso pa 50 Hz. Koyilo ya gitala kapena chingwe chachitali cha maikolofoni chikakhala pafupi, induction yomwe ija imalowetsa 50 Hz m'nyimbo yanu. Talikitsani zingwe za mawu ndi za magetsi, ndipo zikayenera kudutsana zipingasane ngati mtanda. Wa gitala azitembenuka pang'onopang'ono mpaka kaphokosoko katachepa. Chotsani chaja, laputopu iyendere batire yake, ndipo foni ikhale pa flight mode. Ma inveta otchipa satulutsa funde losalala, ndiye amawonjezera kulira kwawo, aikeni kutali.

Batire ya 12 V, 50 Ah imasunga 12 × 50 = 600 Wh. Zida zodya 60 W zingayende maola 10 papepala, koma batire ya lead-acid siyenera kutsika kupitirira theka, ndiye werengerani maola osapitirira 5.

Chenjezo: musathyole phini ya earth pa pulagi pofuna kuthetsa kaphokoso. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi ampulifaya, ndipo ikawonongeka m'kati, magetsi adzadutsa mwa inu. Musaimbe opanda nsapato pa simenti yonyowa.

Makutu alibe sipeya

Akatswiri a zaumoyo amati phokoso la 85 dB lisapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo likakwera ndi 3 dB nthawiyo idulidwe pakati: 88 dB maola 4, 91 dB maola 2, 100 dB mphindi 15 zokha. Ng'oma za bandi m'chipinda chaching'ono zimatha kupitirira 100 dB. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi, ndipo tikafa sitimeranso. Mukamva kulira kwa "tsiii" mutatha kuyeserera, khutu likukuchenjezani. Valani zotseka m'makutu, tsitsani ampulifaya, muzipumira.

Ndondomeko ya tsiku lojambula

1. Yesererani nyimbo mpaka aliyense aziimba osaganiza.
2. Konzani chipinda, muombe m'manja, mumvetsere mchira.
3. Chunani magitala onse pa A ya 440 Hz, ndipo muzibwereza, poti nsambo zikatenthedwa zimafutukuka nkutsika mawu.
4. Jambulani ng'oma ndi besi poyamba. Pulogalamu yaulere ya Audacity pa laputopu kapena BandLab pa foni imalola kuwonjezera mizere ina pamwamba.
5. Gitala ndi mawu zibwere pambuyo, woimba akumvera zoyambazo pa mahedifoni osati pa sipika.
6. Mukajambula ndi mafoni awiri, wina aombe m'manja kamodzi poyamba. Nsonga imeneyo ndiyo mudzalinganizire mizere.
7. Mvetserani pa foni, pa wayilesi ndi pa mahedifoni musanapatse munthu. Sungani mafayilo malo awiri, ndipo ngati nyimbozo ndi zopeka nokha, kazilembetseni ku COSOMA.

Mafunso oyeserera

1. Pezani wavelength ya noti ya 440 Hz ngati liwiro la mawu ndi 340 m/s.
2. Makoma awiri atalikirana mamita 3. Pezani ma frequency awiri oyamba a stationary wave.
3. Maikolofoni yachoka pa masentimita 15 kupita pa 60 panja. Intensity yachepa kangati? Ndi ma dB angati?
4. Kalasi ndi ya 9 m × 7 m × 3 m ndipo A = 20. Pezani T. Kodi A ikhale chiyani kuti T ifike sekondi 0.8?
5. Fotokozani chifukwa chake bulangete limachepetsa mawu osongoka koma osati besi.

Funso lachinayi mulichite ndi miyezo ya kalasi yanu yeniyeni. Bwerekani tepi yoyezera kwa aphunzitsi, muyeze, muwerengere, kenako muombe m'manja mumve ngati khutu likugwirizana ndi yankho lanu.